Achimwene, petulo si sopo: za mankhwala ndi fumbi la kuntchito zomwe zimabweretsa khansa mochedwa

Sabata yatha ndinaima pa galaja ina apo pa Nchalo kuti andionere njinga yamoto, inali nthawi ya nkhomaliro, dzuwa lija lathu la kuchigwa loti ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa lole. Mnyamata amene amandikonzera njingayo atamaliza anatenga kabotolo ka petulo nkuthira mmanja, kutikita bwinobwino mpaka girisi yense kuchoka, kupukutira pa ovolosi, basi nkukakhala pa mbale ya nsima ndi anzake. Ndinamufunsa kuti achimwene sopo mulibe kodi? Akuti madala sopo sachotsa oyilo, komanso ine ntchito imeneyi ndagwira zaka 6 sindinadwalepo. Nde mawu amenewo oti sindinadwalepo ndi amene akhala akundivuta mumtima, chifukwa ndimawamva kwa aliyense, opopera mankhwala mu nzimbe ndi mu thonje, owotcherera pa Ngabu, akalipentala pa Dyeratu, oswa miyala, openta magalimoto, onse yankho ndi limodzi lomwelo.

Poizoni amene ife timamudziwa ndi uja wogwetsa munthu pompopompo, monga tameki, wamwa lero maliro mawa. Koma pali gulu lina la zinthu zomwe sizikupweteka lero, sizikupweteka chaka chino, zimangolowa pang'onopang'ono kudzera mmphuno, pakhungu ndi mkamwa, nkumakawononga mkati mwa maselo a thupi, kenako patapita zaka 10, 20 ngakhale 30 munthu akupezeka ndi khansa, nthawi imeneyo kontirakiti inatha kalekale, kapitawo uja anasamuka, mwina kampaniyo inatsekedwa, ndipo pamudzi anthu akuyamba kulozana zala kuti amulodza. Palibe amene akukumbukira kuti bamboyu anakhala zaka 15 akupuma utsi wa zowotcherera mkashedi kopanda windo.

Si nkhani yatsopano iyi. Mchaka cha 1775 dokotala wina wa ku London, Percivall Pott, anaona kuti amuna omwe ali ana ankagwira ntchito yolowa mmachumuni kukapala mwaye ankadwala khansa ya pakhungu la kumaliseche atakula, ndipo anati vuto ndi mwayewo womwe unkakhalira pakhungu osasambidwa. Lero kuli bungwe la IARC, lili pansi pa WHO ndipo likulu lake lili ku Lyon mdziko la France, ntchito yake ndi kuunika umboni nkumaika zinthu mmagulu, gulu loyamba ndi la zinthu zomwe zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu, gulu la 2A ndi la zomwe umboni ukuloza kwambiri kuti zimatero. Zambiri zomwe nditchule pano zili mgulu loyambalo, ndipo tikuzigwira tsiku ndi tsiku kuchokera pa Thabwa mpaka ku Marka.

Ndiyambe ndi petulo yemweyo. Mu petulo muli mankhwala otchedwa benzene, amalowa kwambiri tikamapuma fungo lija komanso pakhungu, ndipo amakawononga mafuta a mmafupa momwe magazi amapangidwa, mapeto ake ikhoza kukhala khansa ya mmagazi. Nde taganizani anyamata athu ogulitsa mafuta mzigubu nthawi yomwe pa filing'i siteshoni pauma, amayamwa paipi ndi pakamwa kuti petulo atuluke mu thanki, usiku zigubuzo akugona nazo mchipinda momwe muli mayi ndi khanda, zitseko zotseka. Musayamwe paipi chonde, kapampu kamanja kopopera mafuta sikodula kuyerekeza ndi zomwe mukumeza, ndipo zigubu zizikhala panja pamthunzi pomwe mphepo ikudutsa. A makaniko, oyilo wakuda wotsitsa mu injini nayenso ali ndi zoipa za mtundu wa mwaye uja wa Pott, ndiye kansanza kamafuta kaja mumakaika mthumba la buluku tsiku lonse kakunyowetsa pamalo pomwe khungu lake ndi lopyapyala kwambiri. Kansanza kazikhala pa benchi. Kuchotsa girisi mmanja yambani mwapaka mafuta ophikira pang'ono, pukutani, kenako sopo ndi madzi, ena amasakaniza sopo wa ufa ndi utuchi, zimachoka ndithu. Ovolosi yonona oyilo isamavalidwe sabata yonse osachapa.

Owotcherera, inu mumasamala maso okha, ndipo nawonso ambiri mumangovala magalasi a dzuwa a pamsika omwe sateteza kanthu. Koma utsi uja umakwera kuchokera pa chitsulo nkudutsa pansi pa chigoba chakumaso mpaka mmphuno, mchaka cha 2017 a IARC anauika mgulu loyamba, umayambitsa khansa ya mmapapo, ndipo zimaipirapo mukamawotcherera chitsulo cha sitenilesi kapena chitsulo chopentedwa kale osachipala. Chomwe mungachite popanda kugula kanthu ndi ichi, gwirirani ntchito panja kapena pomwe mbali ziwiri ndi zotsegula, imani moti mphepo izichokera chammbali mwanu nkumatenga utsiwo kupita nawo kutali, mutu usakhale pamwamba penipeni pa utsi, ndipo palani penti musanayatse. Utsi wa dizilo nawo unalowa mgulu lomwelo mu 2012, ndiye jeneleta kapena injini ya chigayo yomwe ekizozi yake ikutulutsira mnyumba momwe anthu akugwiramo ntchito ija ndi vuto, onjezerani paipi utsi uzituluka kunja komanso mmwamba, thirakitala kapena lole isamangolira mu shedi podikira katundu. Openta ndi mfuti ija ya kompuresa, ntchito yanu yeniyeniyo inalembedwa kuti ili ndi chiopsezo cha khansa ya mmapapo ndi ya chikhodzodzo, nde kupenta mchipinda chotseka poopa fumbi, mphuno mutamanga kampango, kenako kusamba mmanja ndi thina wosungunulira penti uja, apa mukulakwitsa katatu nthawi imodzi.

Za fumbi madala athu omwe anapita ku Wenela angatiphunzitse bwino kuposa ine. Ambiri anabwerako ndi wailesi ndi njinga koma patapita zaka chifuwa chosatha, kubanika, kumwa mankhwala a TB kangapo osachira bwino, lija linali fumbi la miyala la mmigodi ya golide, silika, lomwe limaumitsa mapapo, limatsegulira njira TB komanso limayambitsa khansa ya mmapapo. Ku South Africa nkhaniyi inafika kukhoti ndipo makampani a migodi anavomera kuika ndalama zokwana 5 biliyoni randi mu thumba la Tshiamiso Trust zolipira odwala ndi mabanja awo, koma taonani kuti chipepesocho chinabwera anthu ambiri atagona kale kumanda. Fumbi lomwelo lili mmiyala yomwe amayi akuswa ndi hamala mmphepete mwa msewu mwana ali kumbuyo, lili mu konkire ndi matailosi omwe amisiri akudula ndi gilayinda mpaka munthu kuyera ngati wagwa mu ufa. Mankhwala ake ndi madzi basi. Thirani madzi pomwe mukudula kapena kuswa, musasese fumbi louma, wazani kaye, ndipo mwana asakhale pamalopo. Akalipentala musadabwe, fumbi la matabwa nalo lili mgulu loyamba, khansa yake imagwira mkati mwa mphuno, makamaka kwa omwe mumakhala pa mashini osalalitsa matabwa olimba tsiku lonse.

Asibesitosi ndiye ndimamuopa kwambiri chifukwa kuno madzi osefukira ndi mphepo amatigwetsera nyumba kawirikawiri, mu 2015, namondwe wa Ana mu 2022, wa Freddy mu 2023, ndipo nyumba zina zakale zinafoleredwa ndi malata aja otuwa okhuthala ooneka ngati simenti, omwe amakhala ndi asibesitosi mkati. Akakhala athunthu padenga osawagwira vuto ndi lochepa, asiyeni. Koma akasweka, kapena mmisiri akawadula ndi sowo, kuwaboola, kuwakwecha, amatulutsa tiulusi tosaoneka ndi maso tomwe tikalowa mmapapo sitituluka, ndipo khansa yake ya kachikopa kokuta mapapo imatha kudikira zaka 30 kapena 40. Ndinaonapo ana akusewera ndi zidutswa zake, ena atazitola kukatchingira khola la nkhuku, ena kuikapo poto pamoto. Zidutswa zotere zinyowetseni, zinyamuleni osaziphwanya, kulungani mu pulasitiki ndipo funsani a zaumoyo kukhonsolo komwe zingakwiriridwe. South Africa inaletseratu asibesitosi mu 2008. Mabuleki ena a magalimoto amakhalanso naye, nde chizolowezi chouzira fumbi la mabuleki ndi mpweya wa kompuresa chithe, pukutani ndi nsanza yonyowa. Ndipo amene amasuta fodya uku akugwira ntchito mu fumbi lotere chiopsezo chake sichingophatikizana, chimachulukana kangapo. Chimodzimodzi mapolo aja obiriwira kapena akuda onunkha phula omwe anathiridwa mankhwala oletsa chiswe, obiriwirawo ambiri amakhala ndi poizoni wotchedwa aseniki, musawasandutse nkhuni zophikira ngakhale atakupatsani ulere.

Tsopano mankhwala a mmunda, apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pomwe anthu ambiri a kuno tili, kaya pa esiteti ya nzimbe, kaya mmasikimu a alimi, kaya mu thonje ku Ngabu uko, kaya mmadimba a matimati ndi masamba. Ndinene zoona zake, si mankhwala onse opopera omwe anatsimikizika kuti amayambitsa khansa. Lindane anaikidwa mgulu loyamba mu 2015 ndipo ndi woletsedwa paulimi. DDT, malathion, diazinon ndi glyphosate, uja ambiri timangomuti Roundup, anaikidwa mgulu la 2A chaka chomwecho, ndipo pa glyphosate mabungwe ena a ku America ndi ku Ulaya sanagwirizane nazo, mkangano ulipobe. Ine maganizo anga ndi oti pomwe akatswiri akukangana, iwe wonyamula sipuleya kumsana miyezi 6 pachaka usadikire kuti amalize kukanganako, dzitetezeni ngati kuti yankho ndi eya. Komanso mzere wa mtundu uja pansi pa botolo, wofiira, wachikasu, wabuluu, wobiriwira, umangonena za mphamvu yopha msanga, wobiriwira sakutanthauza kuti mutha kusamba nawo kwa zaka 20.

Nthawi yoopsa kwambiri si popopera ayi, ndi posakaniza, pomwe mankhwala ali okhathamira asanathiridwe madzi, ndipo mpomwe ndimaona anthu akutsegula botolo ndi mano, kuyeza ndi chivindikiro chikudontha mzala, kutakasa ndi dzanja mu ndowa. Magolovesi a labala ofika chakuchigongono avalidwe apa ngakhale pena paliponse mutavula, a nsalu ndi a chikopa ayi chifukwa amamwa mankhwala nkumakusungirani pakhungu tsiku lonse. Kenako sipuleya yodontha, munthu msana wonse wanyowa mpaka mu kabudula akuganiza kuti ndi thukuta, yesani kaye ndi madzi okha mmawa uliwonse, ikadontha sinthani kalabala musanaike mankhwala. Nozo, ija yotulukira mankhwala kunsonga kwa sipuleya, ikatseka musauzire ndi pakamwa, tsukani ndi madzi ndi kaudzu kofewa.

Ndikudziwa chomwe munene, kutentha. Ndi zoona, mu Okutobala ndi Novembala kuno kumadutsa madigiri 40, munthu utavala ovolosi, gambutsi, magolovesi ndi masiki 11 koloko mmunda wa nzimbe momwe mphepo siidutsa ukhoza kukomoka, ndipo amene amalemba malamulo ali mu ofesi yozizira pena saziganizira zimenezi. Koma kutentha komweko ndi kumene kumapangitsa khungu lonyowa thukuta kumwa mankhwala msanga, nde kuvula si yankho, yankho ndi kusintha nthawi. Kupopera kuyambe kukangocha, pofika 9 koloko mwaweruka, zotsala madzulo dzuwa litapepa, ndipo mbewu nazo zimapindula chifukwa mankhwala sauma msanga. Akapitawo, apa mpamene udindo wanu uli, mukapatsa munthu chigawo choti sangamalize dzuwa lisanakwere ndiye kuti mwamuuza kuti avule, ngakhale simunanene ndi pakamwa. Sinthanani anthu, pakhale mthunzi, madzi akumwa akhale kutali ndi posakanizira, ndipo sopo ndi madzi osamba zikhale kumunda komweko, munthu asambe asanadye, asanasute, ngakhale asanapite kukataya madzi, inde asanapite, chifukwa khungu la kumeneko limamwa mankhwala kuposa la mmanja. Poyenda ndi sipuleya onani komwe mphepo ikupita kuti nkhungu ija isabwerere kumaso, ikakula mphepo siyani. Amayi a ganyu yopalira asalowetsedwe mmunda womwe wangopoperedwa kumene, pa lebulo amalemba nthawi yoyenera kudikira, ndipo woyembekezera kapena woyamwitsa asagwire ntchito ya mankhwala nkomwe, ana ndiye osayerekeza.

Poizoniyu amafikanso kunyumba. Bambo aweruka ndi ovolosi yomweyo, mwana awathamangira kuwakumbatira mmiyendo, mayi achapa ovolosiyo mbeseni limodzi ndi matewera. Zovala za ntchito zivulidwe musanalowe mnyumba, zichapidwe pazokha, wochapayo avale magolovesi, madzi ake atayidwe pa dzenje kutali ndi mjigo. Sipuleya isatsukidwe mu Shire kapena mu ngalande yomwe anthu akumunsi akutungamo. Botolo likatha tsukuluzani katatu, madziwo thirani mu sipuleya momwemo, kenako liboleni kuti wina asaikemo mafuta ophikira, mchere kapena thobwa, chifukwa zigubu zimenezi ndimazipeza pa mjigo zili pamzere. Ndipo mankhwala ogula mtimabotolo ta fanta pamsika opanda lebulo asiyeni, simukudziwa chomwe chili mkatimo, gulani kwa ogulitsa ovomerezeka ndi a Pesticides Control Board.

Pa masiki anthu amanamizidwa kwambiri. Ija yansalu ya nthawi ya Covid, kapena yabuluu ya kuchipatala, siitchinga fungo la thina, petulo kapena mankhwala, ndipo ikanyowa ndi mankhwala ndiye mwangodzimangira poizoni pamphuno. Ya fumbi ndi yolembedwa N95 kapena FFP2 ndipo igwire nkhope bwino, ndevu zambiri zimasiya mipata. Ya penti ndi mankhwala ouluka ndi ija ya labala yokhala ndi timabokosi ta makala mmbali, timabokosito timatha mphamvu, mukayamba kumva fungo mkati ndiye kuti tatha kale. Za mkaka nazo, ndakumana ndi owotcherera ndi opopera ambiri omwe amati bola ndamwa mkaka poweruka watsuka zonse. Mkaka ndi chakudya chabwino, imwani, koma umapita mmimba pomwe utsi wapita mmapapo, sizikumana nkomwe, ndipo bwana amene akukupatsani paketi ya mkaka mmalo mwa masiki wakuchepetserani mtengo.

Kwa eni magalaja, mashopu ndi mafakitale, zovala zodzitetezera ndi mpanda womaliza, choyamba ndi kufunsa ngati chinthu choopsacho chingachotsedwe kapena kusinthidwa ndi china, monga penti wosungunula ndi madzi pomwe zikutheka, kenako mawindo, mafani okoka utsi, madzi pa fumbi. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo woteteza ogwira ntchito pa olemba ntchito, kuphatikizapo kupereka zodzitetezera, ndipo la Workers' Compensation Act la 2000 limakhudzanso matenda obwera chifukwa cha ntchito osati ngozi zokha. Kuofesi ya zantchito ku boma, ku Chikwawa kapena ku Nsanje, mutha kukadandaula, ndipo kupita angapo kapena kudzera ku yuniyoni kumathandiza chifukwa tonse tikudziwa mantha a wa sizoni oti chaka chamawa sadzanditenganso.

Koma chipepeso chimafuna umboni, ndipo matenda obwera patapita zaka 20 umboni wake umasowa. Nde chomwe ndimapempha aliyense ndi chaching'ono, gulani kope la 32 peji, lembani malo omwe mwagwira ntchito, chaka, ntchito yanji, dzina la mankhwala omwe mumagwira, jambulani lebulo pa foni, sungani mapepala a malipiro ndi kontirakiti mu pulasitiki pamwamba pomwe madzi osefukira sangafike. Mukapita kuchipatala musangoti ndikutsokomola, nenani kuti ndakhala ndikuwotcherera zaka 12, kapena ndinali wopopera masizoni 8, ndipo pemphani kuti zilembedwe mbuku lanu la kuchipatala.

Zoti zikuthamangitseni kuchipatala ndi monga chifuwa chopitirira masabata awiri kapena atatu, makamaka ngati ayeza TB osaipeza kapena mwamaliza mankhwala osasintha, kutsokomola magazi, kuonda popanda chifukwa, kutopa ndi kuyera mmaso pamodzi ndi kutuluka magazi mkamwa kapena mmphuno pafupipafupi, zotupa mkhosi, mkhwapa kapena mmphechepeche zosapweteka koma zosatha, mphuno imodzi yotseka miyezi, chilonda chapakhungu chosapola. Magazi mu mkodzo ndiye kuno timangoti ndi likodzo basi, poti ambiri timakhalira mmadzi a ngalande ndi mmadambo, koma dziwani kuti likodzo lenilenilo likakhalitsa osachizidwa limayambitsa khansa ya chikhodzodzo, choncho othirira nzimbe ndi mpunga muzilandira mankhwala aja a praziquantel, ndipo ngati mwamwa koma magazi akupitirira, makamaka munthu wamkulu, bwereraniko mukanene kuti sizinasinthe. Yambirani pafupi, Ngabu, Montfort pa Nchalo, Trinity ku Muona, chipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, iwo akaona kuti mpofunika akutumizani ku Queens ku Blantyre, ndipo akakupatsani kalata yotumizira musaisunge mthumba kudikira kuti mugulitse kaye thonje.

Mnyamata wa pa galaja uja ndinabwererako Lachisanu kukatenga chenji yanga, ndinamutengera mtanda wa sopo ndi kabotolo ka mafuta ophikira, tinayesera limodzi pompo anzake akuonerera, girisi anachoka. Anandifunsa ngati zaka 6 zija zamuwononga kale. Ndinamuuza kuti palibe angadziwe, ambiri omwe anagwira zinthu zimenezi sadwala, koma chiopsezo chimakula ndi kuchuluka kwa zomwe zalowa ndi zaka zomwe wakhala nazo, ndiye zomwe asiye kuyambira pano zichepetsa ndithu. Ali ndi zaka 24, ndipo akuti akufuna adzatsegule galaja yake ku Bangula.